Chisomo cha Mulungu ndi moyo wa chiyero: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera m'kalasi ya ofuna kubatizidwa, m'miphakati, m'magulu a achinyamata ngakhalenso pa maliro anthu akamacheza usiku. Pamene mipingo imasiyana ndanena poyera kuti imasiyana, ndipo pamene ndili ndi maganizo anga sindinawabise.

Kodi chisomo n'chiyani?

Ndi kukoma mtima kwa Mulungu pa munthu amene sanachite kanthu kuti akuyenere. Akatolika amachitcha chaulere. Paulo akunena pa Aroma 5:8 kuti Khristu anatifera tikadali ochimwa, tisanayambe n'komwe kusintha. Nkhaniyi sinayambe ndi Paulo. Mose anauza Aisraeli kuti Mulungu sanawasankhe chifukwa cha kuchuluka kwawo, popeza anali mtundu wochepa kuposa yonse. Anangowakonda basi (Deuteronomo 7:7-8).

Chimene chimativuta n'chakuti kwathu kuno kupatsa n'kuika. Pa maliro chipepeso chimalembedwa m'kope, pa ukwati timaona amene wafupa ndi amene wangokhala, chifukwa tikudziwa kuti mawa lidzakhala tsiku lathu. Mwambowu ndi wabwino, ndipo ndi umene umagwiriziza midzi yathu. Koma Mulungu alibe tsiku la mavuto limene adzafune kuti timubwezere.

Yesu anafotokoza izi ndi fanizo limene mpaka lero limawawa (Mateyu 20:1-16). Mwini munda wa mpesa analemba aganyu m'mamawa napangana nawo malipiro a tsiku. Analembanso ena cha m'ma 9 koloko, ena masana, ena cha m'ma 3 koloko, ndi ena kutatsala ola limodzi kuti aweruke. Madzulo onse analandira ndalama yofanana. Oyamba aja anang'ung'udza, ndipo tinene zoona, ambiri a ife tikamawerenga timakhala mbali yawo. Chikhalirecho palibe amene anaberedwa. Oyambawo analandira zimene anapangana. Chimene chinawapweteka ndi ubwino umene anzawo anachitiridwa.

Chisomo sichithera pa chikhululukiro. Ndi mphamvunso imene imagwira ntchito mwa munthu. Paulo yemweyo akuti anagwira ntchito koposa atumwi ena onse, kenaka n'kudzikonza yekha kuti sanali iye, chinali chisomo cha Mulungu chimene chinali naye (1 Akorinto 15:10).

Ngati n'chaulere, bwanji akutiuza kuti tikhulupirire ndi kulapa? Imeneyo si ntchito kodi?

Kukhulupirira ndi kulandira, ndipo wolandira mphatso sanganene kuti wailipira. Aefeso 2:8-9 akuti tinapulumutsidwa ndi chisomo mwa chikhulupiriro, ndipo zonsezi ndi mphatso ya Mulungu kuti wina asadzitame. Taganizani za wachifwamba uja anapachikidwa pambali pa Yesu (Luka 23:39-43). Analibe mpata wopereka chakhumi kapena wokapepesa amene anawabera. Anangovomera kuti chilango chake chinali chomuyenera, napempha kuti akumbukiridwe, ndipo analonjezedwa Paradaiso tsiku lomwelo.

Nanga chiyero n'chiyani?

Poyamba chiyero ndi cha Mulungu mwini. Munthu kapena chinthu chimatchedwa choyera chikapatulidwa kukhala chake. N'chifukwa chake Paulo akuwatcha oyera mtima Akhristu a ku Korinto kumayambiriro kwenikweni kwa kalata yake (1 Akorinto 1:2), pamene kalata yomweyo ikuulula kuti anali ogawikana, ankasumirana kumabwalo a milandu, ena ankaledzera pa Mgonero, ndipo mmodzi ankakhala ndi mkazi wa bambo ake. Anali oyera chifukwa anali a Khristu, ndipo kalata yonseyo ikuwakakamiza kuti makhalidwe awo afanane ndi dzinalo.

Amene akufuna kudziwa mmene moyo wa chiyero umaonekera awerenge Levitiko 19. Mutuwu ukuyamba ndi lamulo lakuti mukhale oyera pakuti Yehova Mulungu wanu ndi woyera, lomwe Petro analibwereza pa 1 Petro 1:16. Ndiye mvetserani zimene zikutsatira. Pokolola usamalize mpaka m'mphepete mwa munda, usiyireko osauka ndi alendo. Malipiro a waganyu asagone m'nyumba mwako kufikira m'mawa. Usatukwane wogontha, usaike chopunthwitsa patsogolo pa wosaona. Poweruza mlandu usakondere wosauka kapena kuopa wolemera. Usayende ukufalitsa miseche. Uimirire pamaso pa nkhalamba. Sikelo yako ndi muyeso wako zikhale zoona. Lamulo lija lakuti uzikonda mnzako monga udzikonda iwe mwini lili momwemo, pa ndime 18. Za nsembe ndi za mafano zilimo, inde, koma zambiri zikuchitikira kumunda, kumsika ndi kubwalo la milandu. Wavenda amene amagula chimanga kwa alimi ndi sikelo yobera waphwanya lamulo la chiyero, ngakhale atakhala kuti sanalawepo mowa chibadwire.

Choyamba n'chiti, kukonza moyo kuti Mulungu andilandire, kapena kulandiridwa kenaka n'kukonza moyo?

Funso ili ndi limene likusenza ena onse. Ambiri amati, "Ndidzayamba kupemphera ndikadzasiya zimene ndikuchitazi." Baibulo limayendetsa zinthu mosiyana. Malamulo Khumi sakuyamba ndi lamulo; akuyamba ndi chikumbutso chakuti Ine ndine Yehova Mulungu wako amene ndinakutulutsa m'dziko la Igupto (Eksodo 20:2). Aisraeli anawoloka nyanja asanalandire lamulo ndi limodzi lomwe pa phiri la Sinai. Chimodzimodzi Zakeyu: Yesu anadziitanira yekha kunyumba kwake anthu akung'ung'udza, ndipo ndi pamenepo pamene wamsonkhoyo anaimirira n'kulonjeza kugawira osauka theka la chuma chake ndi kubweza kanayi zimene analanda (Luka 19:1-10).

Mwana wamasiye amene amalume ake amutenga kukhala naye amasesa, amatunga madzi, amatsuka mbale, monganso wantchito amachitira. Mlendo sangawasiyanitse poona ntchito. Koma wantchito akalakwitsa kwambiri amachotsedwa, pamene mwana amadzudzulidwa, madzulo n'kudya nsima pamodzi ndi anzake. Paulo akuti sitinalandire mzimu wa ukapolo wotibwezera ku mantha, tinalandira mzimu wa umwana (Aroma 8:15).

Katekisimu wa ku Heidelberg, amene analembedwa ku Germany mu 1563 ndipo amavomerezedwa ndi mipingo yochokera ku Dutch Reformed Church monga Sinodi ya Nkhoma ndi Reformed Church in Zambia, anamangidwa pa dongosolo lomweli. Ali ndi magawo atatu: kukula kwa tchimo la munthu, chipulumutso chake, ndi kuyamika kwake. Malamulo Khumi amafotokozedwa m'gawo lachitatulo, la kuyamika. John Calvin wa ku Geneva ankaphunzitsa kuti mwa Khristu timalandira zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuyesedwa olungama ndi kuyeretsedwa. Ziwirizi n'zosiyana, koma munthu sangalandire chimodzi n'kusiya chinzake.

Ngati Mulungu amakhululuka mwaulere, choletsa n'chiyani kuti ndizichimwa, Lamulungu n'kukalapa?

Paulo anafunsidwa funso lomweli, kapena anadziwa kuti adzafunsidwa. Atanena kuti pamene tchimo linachuluka chisomo chinachuluka koposa (Aroma 5:20), akudzifunsa yekha ngati tizichimwabe kuti chisomo chichuluke, ndipo akukana kwamtuwagalu. Chifukwa chimene akupereka n'chochititsa chidwi. Sakuopseza ndi moto. Akuti munafa kale ku tchimo, munaikidwa m'manda pamodzi ndi Khristu mu ubatizo, ndiye mungakhalenso bwanji m'menemo (Aroma 6:1-4)? Pa Tito 2:11-12 chisomo chomwecho chimene chimabweretsa chipulumutso ndicho chikutchedwa mphunzitsi wotiphunzitsa kukana chisapembedzo ndi zilakolako za dziko.

Munthu amene akukonza tchimo Lachisanu atawerengera kale chikhululukiro cha Lamulungu sakulapa, akuchita malonda. Yuda ndime 4 akunena za anthu osandutsa chisomo cha Mulungu chilolezo cha zonyansa. Dietrich Bonhoeffer, m'busa wa Lutheran wa ku Germany, analemba mu 1937 zodzudzula chimene anachitcha chisomo chotchipa: chikhululukiro cholalikidwa popanda kulapa, ubatizo wopanda mwambo, Chikhristu chopanda mtanda. Ankanena za mpingo umene unkapitiriza mapemphero bwinobwino kwinaku ukugwadira Hitler. Iye ananyongedwa ndi boma lomwelo ku Flossenbürg mu April 1945.

Paulo akuti timapulumuka popanda ntchito, Yakobo akuti chikhulupiriro chopanda ntchito n'chakufa. Akutsutsana?

Martin Luther mwini, amene anayambitsa gulu la Apolotesitanti ku Germany, anavutika nazo, mpaka mu 1522 anayerekeza kalata ya Yakobo ndi udzu wouma poiika pambali pa mabuku ena a Chipangano Chatsopano. Pamenepo ndikuona kuti anafulumira. Awiriwa akuyankha anthu osiyana. Paulo akulimbana ndi onena kuti munthu wa mtundu wina ayenera kudulidwa ndi kusunga chilamulo cha Mose kuti Mulungu amulandire. Yakobo akulimbana ndi munthu amene amati amakhulupirira, koma akaona mbale wake wausiwa ndi wanjala amangomuuza kuti apite mu mtendere, akafunde, akakhute (Yakobo 2:15-16). Onse akutchula Abrahamu. Paulo akuloza Genesis 15, pamene Abrahamu anakhulupirira lonjezo nayesedwa wolungama. Yakobo akuloza Genesis 22, patapita zaka zambiri, pamene chikhulupirirocho chinaonekera pa phiri la Moriya. Ndipo Paulo yemweyo, atangomaliza kunena kuti chipulumutso sichichokera ku ntchito, akuwonjezera pa Aefeso 2:10 kuti tinalengedwa mwa Khristu kuti tichite ntchito zabwino.

Kodi mkangano wa chisomo ndi ntchito unayamba ndi Luther?

Ayi, unamutsogolera ndi zaka zoposa 1,000, ndipo unakulira mu Africa muno. Pelagius, mphunzitsi wochokera ku Britain amene ankakhala ku Roma cha m'ma 400, anakhumudwa ndi ulesi wa Akhristu a mumzindawo. Anali munthu wa makhalidwe abwino, ndipo cholinga chake chinali chiyero. Ankaphunzitsa kuti Mulungu sangalamule chimene munthu sangathe, kotero munthu aliyense amabadwa ndi mphamvu yokwanira kusachimwa, ndipo tchimo la Adamu linangokhala chitsanzo choipa. Anakwiya atamva pemphero la Augustine, episkopi wa ku Hippo, mzinda umene lero ndi Annaba ku Algeria, lopempha Mulungu kuti apatse zimene akulamula, kenaka alamule zimene akufuna.

Augustine, amene anabadwa mu 354 n'kumwalira mu 430, anayankha kuti vuto la munthu si kusadziwa chabwino. Mtima wake ndi umene uli wopindika, umakonda zolakwika, ndipo mtima sungadziwongole wokha. Pafunika chimene Ezekieli 36:26-27 analonjeza: mtima watsopano, ndi Mzimu woikidwa m'kati amene adzachititsa munthu kuyenda m'malamulo. Msonkhano wa maepiskopi ku Carthage mu 418 unakana chiphunzitso cha Pelagius, ndipo wina wa ku Orange mu 529 unawonjezera kuti ngakhale chiyambi cha chikhulupiriro ndi mphatso.

Pa pepala Pelagius anagonja. Pa guwa ali moyo ndithu. Ulaliki uliwonse umene umangoti "yesetsani, limbikirani, siyani izi, yambani izo," n'kutha osatchula zimene Khristu anachita, ndi wake ameneyo, kaya ukulalikidwa mu mpingo wanji.

Akatolika ndi Apolotesitanti amasiyana pati pa nkhaniyi?

Tiyambe ndi bodza limene limamveka kawirikawiri, lakuti Akatolika amaphunzitsa kuti munthu amadzipulumutsa ndi ntchito zake. Msonkhano wa maepiskopi a Katolika wa ku Trent, m'chikalata chake cha mu 1547, unatemberera aliyense wonena kuti munthu angakhale wolungama pamaso pa Mulungu ndi ntchito zake popanda chisomo cha Yesu Khristu. Chimene Luther anatsutsa mu 1517 chinali choipa chenicheni: alaliki monga Johann Tetzel ankagulitsa zikalata zochotsera chilango cha machimo, ndipo gawo la ndalamazo linkapita kukamangira tchalitchi cha Petro Woyera ku Roma. Mpingo wa Katolika womwewo unadzaletsa malondawo.

Kusiyana kwenikweni kuli apa. Kwa Apolotesitanti, kuyesedwa wolungama ndi chigamulo cha Mulungu: chilungamo cha Khristu chimawerengedwa ngati cha wokhulupirira, chathunthu kuchokera tsiku loyamba, ndipo kuyeretsedwa kumatsatira ngati chipatso. Kwa Akatolika, kulungamitsidwa kumaphatikiza kusinthika kwenikweni kwa m'kati. Kumayamba mu ubatizo, kumakula, kumatha kutayika ndi tchimo lalikulu, ndipo kumabwezedwa mu sakramenti la kulapa. Apolotesitanti amaopa kuti njira ya Akatolika imalanda munthu chitsimikizo. Akatolika amaopa kuti njira ya Apolotesitanti imasiya munthu wosasinthika atangovala dzina. Mantha onse awiri ali ndi chifukwa, ndipo aliyense wa ife anaonapo zitsanzo za mbali zonse.

Pa 31 October 1999, ku Augsburg, Mpingo wa Katolika ndi Lutheran World Federation anasainirana chikalata chovomereza pamodzi kuti timalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwathu, ndipo Mzimu Woyera ndi amene amatikonzanso n'kutiitanira ku ntchito zabwino. A Methodist anachivomereza mu 2006, ndipo World Communion of Reformed Churches inatero mu 2017. Si onse anakondwa nacho, ndipo nkhani za purigatoriyo ndi masakramenti zikadalipo.

Kodi Mkhristu angafike posachimwanso ali moyo?

John Wesley, amene anayambitsa gulu la Methodist ku England m'zaka za m'ma 1700, ankaphunzitsa kuti n'zotheka kuti mtima wa wokhulupirira udzazidwe ndi chikondi cha pa Mulungu ndi pa mnzake mpaka osachimwanso mwadala. Sankatanthauza kuti munthuyo salakwitsa kapena sayesedwa. Chiphunzitsochi chinabala mipingo ya chiyero monga Church of the Nazarene, imene inakhazikika mu 1908, ndipo ambiri mwa Apentekoste oyambirira, kuphatikizapo William Seymour wa chitsitsimutso cha ku Azusa Street mu 1906, anachokera m'magulu amenewa.

Mipingo ya Reformed ndi Lutheran imakana. Katekisimu wa ku Heidelberg akuti ngakhale oyera mtima koposa ali ndi chiyambi chochepa chabe cha kumvera m'moyo uno. Ine ndili mbali imeneyi, chifukwa 1 Yohane 1:8 akuti tikanena kuti tilibe tchimo tikudzinyenga, ndipo Paulo ali m'ndende, atatumikira zaka zambiri, akuti sanafikebe (Afilipi 3:12). Komabe Wesley anaona chinthu chimene ife timachiiwala: pali Akhristu amene amabisala kuseri kwa mawu akuti "tonse ndife ochimwa" kuti asasinthe kanthu kwa zaka 30. Yohane yemweyo, patangopita mavesi ochepa, akuti akulemba izi kuti tisachimwe (1 Yohane 2:1).

Kodi munthu angataye chipulumutso?

Apa Apolotesitanti amasiyana okhaokha. Otsatira a Jacobus Arminius ku Netherlands anakayikira chiphunzitso chakuti wosankhidwa sangatayike, ndipo Sinodi ya ku Dort ya 1618 mpaka 1619 inawatsutsa, n'kunena kuti Mulungu amasunga ake mpaka kumapeto ngakhale atagwa koopsa ngati Davide kapena Petro. A Methodist, Apentekoste ambiri ndi Akatolika amati munthu atha kuchoka m'chisomo. A mbali ya Sinodi ya ku Dort amagwira Yohane 10:28-29, pamene Yesu akuti palibe amene adzakwatule nkhosa zake m'dzanja lake. Enawo amagwira machenjezo a pa Ahebri 6:4-6. Mavesi onsewa ali m'Baibulo limodzi, ndipo palibe mbali imene imauza munthu wokhala m'tchimo mosalapa kuti agone mtima pansi. Amene akulira chifukwa choopa kuti Mulungu wamutaya, kulirako kukuonetsa kuti mtima wake sunaume.

Nanga mowa, fodya, mathalauza a amayi, ndolo, tsitsi? Kodi chiyero chimayezedwa ndi zimenezi?

Malamulo a mipingo pa mowa sanagwe kuchokera kumwamba popanda chifukwa. Amene anaona bambo akumwera ndalama za fodya ana alibe fizi, kapena achinyamata amene anathera m'masacheti boma lisanawaletse, sangaseke mpingo umene umauza anthu ake kuti asalawe n'komwe. Baibulo limaletsa kuledzera momveka bwino (Aefeso 5:18), ngakhale Paulo analangiza Timoteo kumwa vinyo pang'ono chifukwa cha m'mimba (1 Timoteo 5:23). Pa Aroma 14 akuti wamphamvu asiye ufulu wake ngati ukukhumudwitsa mbale wake, ndipo wosadya asaweruze wakudya. Mpingo uli ndi ufulu woika mwambo wake, ndipo amene analowamo mwa kufuna kwake ausunge.

Vuto limabwera pamene mndandanda waufupiwu wasanduka chiyero chonse. Zinthu zimenezi timazikonda chifukwa zimaoneka ndi maso ndipo n'zosavuta kugwira nazo munthu. Yesu anati chodetsa munthu chimachokera mumtima, ndipo m'ndandanda wake muli dama ndi kuba, komanso umbombo, chinyengo, kaduka, mwano ndi kudzikuza (Maliko 7:21-23). Anadzudzula Afarisi popereka chakhumi cha timbewu tonunkhira kwinaku akusiya zolemera za chilamulo: chilungamo, chifundo ndi kukhulupirika (Mateyu 23:23). Paulo akuti malamulo a "usagwire, usalawe, usakhudze" amaoneka anzeru koma alibe mphamvu yoletsa zilakolako (Akolose 2:20-23).

Dziko lathu la Malawi, limene anthu oposa 7 mwa 10 aliwonse amadzitcha Akhristu, ndi lomwe linaona kubedwa kwa ndalama za boma ku Capital Hill mu 2013. Ndi lomwenso linafunika lamulo la mu 2011 lonena kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Yakobo 1:27 akuti chipembedzo choyera ndi kusamalira ana amasiye ndi akazi amasiye m'masautso awo, ndi kudzisunga wosadetsedwa ndi dziko. Timalalikira kwambiri theka lachiwiri la vesiyi. Mtsikana akatenga mimba mpingo wonse umadziwa mwezi womwewo. Mkulu wa mpingo amene sanalipire wantchito wake miyezi itatu amagawa Mgonero popanda womufunsa, chikhalirecho Yakobo 5:4 akuti malipiro obisidwawo akufuula kwa Mulungu.

Kudula munthu mu mpingo kapena kumuimitsa Mgonero kukugwirizana ndi chisomo?

Kukugwirizana ngati cholinga ndi kumubweza. Paulo analamula Akorinto kuchotsa pakati pawo munthu uja wa mkazi wa bambo ake (1 Akorinto 5), koma m'kalata yachiwiri akuwauza za munthu wolangidwa kuti chilango chakwana, amukhululukire ndi kumutonthoza kuti asamizidwe ndi chisoni (2 Akorinto 2:6-8). Agalatiya 6:1 akuti wogwa abwezedwe mofatsa, wobwezayo akudziyang'anira yekha.

Mpingo wosadzudzula konse sukonda anthu ake. Koma bwalo la mpingo lidzifunse mafunso angapo. Kodi wodulidwayo amayenderedwa, kapena dzina lake limangolengezedwa n'kuiwalika? Kodi mwamuna amene anapereka mimbayo waitanidwanso, kapena ndi mtsikana yekha amene akuima pamaso pa akulu? Kodi amene anagula malata a tchalitchi amaweruzidwa ndi muyeso womwewo? Ndipo wobwerera akabwerera, kodi wabwereradi, kapena adzatchedwa "uja anadulidwa uja" mpaka tsiku la maliro ake?

Kodi kubzala mbewu kwa mneneri, kusala kudya kapena kugona kuphiri kumabweretsa chisomo chochuluka?

Kupereka, kusala ndi kupemphera usiku wonse ndi zinthu zabwino, ndipo Yesu ankapita kuphiri kukapemphera. Zimaipa zikasanduka mtengo. Simoni wa ku Samariya anatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu, ndipo Petro anamuuza kuti ndalama zake ziwonongeke naye pamodzi chifukwa anaganiza kuti mphatso ya Mulungu ingagulidwe (Machitidwe 8:18-20). Envulopu yokhala ndi mtengo wolembedwa wa ukwati, wa ntchito kapena wa visa ikusiyana pang'ono kwambiri ndi zikalata za Tetzel.

Palinso maganizo akuti chisomo chimadziwika ndi galimoto ndi nyumba, ndipo wovutika ndiye kuti chamuthawa. Paulo anapempha katatu kuti minga ya m'thupi mwake ichotsedwe. Sinachotsedwe. Yankho linali lakuti chisomo changa chikukwanira, pakuti mphamvu yanga imakwaniritsidwa mu ufooko (2 Akorinto 12:7-9).

Ndimagwa m'tchimo lomwelomwelo. Ndimalapa, ndimalira, kenaka ndimabwereza. Nditani?

Choyamba, musathawe. Ambiri akagwa amasiya kupemphera kwa masabata angapo kuti manyazi athe, ngati akudzilipiritsa okha asanabwerere. 1 Yohane 1:9 akuti tikavomereza machimo athu iye ndi wokhulupirika ndi wolungama kutikhululukira ndi kutisambitsa, ndipo sakutchula nthawi yodikira.

Chachiwiri, chisomo sichitanthauza kukhala manja lende. Afilipi 2:12-13 akuti gwirani ntchito ya chipulumutso chanu ndi mantha ndi kunthunthumira, pakuti ndi Mulungu amene akugwira ntchito mwa inu kuti mufune ndi kuchita. Mipingo yonse, iliyonse m'njira yake, imaloza malo amene Mulungu analonjeza kudyetsa anthu ake: Mawu, pemphero, Mgonero kapena Ukaristia, ndi kusonkhana ndi abale. Amene akulimbana ndi tchimo ndi amene akuzifuna kwambiri zimenezi.

Tchimo lobisika limanenepa. Yakobo 5:16 akuti tiululirane machimo ndi kupemphererana. Mkatolika ali ndi wansembe amene analumbira kusunga chinsinsi. Ena afune munthu mmodzi wokhwima, wodziwa kutseka pakamwa, osati gulu lonse la pa WhatsApp. Ndipo yang'anani njira imene tchimolo limadzera. Kawirikawiri lili ndi nthawi yake, malo ake ndi anzake: tsiku lolandira malipiro, foni ya pakati pa usiku, ulendo wa kuntchito wogona kunja. Nambala ina ifunika kufufutidwa, ndalama zina zifunika kusungidwa ndi akunyumba, njira ina yobwerera kuchokera kuntchito ifunika kusinthidwa. Ngati pali munthu amene munamulanda kanthu, m'bwezereni, ngakhale pang'onopang'ono. Ngati munamunamizira, kakonzeni kwa anthu omwe aja munawauza.

Pomaliza, zizolowezi zina zimagwira thupi lenilenilo. Munthu amene wamwa mowa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka akasiya mwadzidzidzi atha kuyamba kunjenjemera, kuona zilubwelubwe ngakhale kukomoka, ndipo zimenezi zimatha kupha. Ameneyo si wogwidwa ziwanda ndiponso si wopanda chikhulupiriro. Abale ake apite naye kuchipatala kuti asiye moyang'aniridwa ndi achipatala, kwinaku mpingo ukumupempherera ndi kumuyendera. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu amene akufuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo chipatala cha boma cha m'boma lanu chingakuuzeni kumene mungayambire.